Dikoda yanga yakale ikungotulutsa mawu, chithunzi palibe. Ndisinthe zonse kodi?

Mayi wa tiyirumu, kwa Kapiri:

Moni nonse. Ndili ndi tiyirumu yaing'ono kuno kwa Kapiri ku Mchinji, ndipo chimene chimandisungira makasitomala madzulo ndi TV. Anthu akaweruka kumunda ndi kumsika amabwera kudzamwa tiyi ndi masikono uku akuonera nkhani ndi mapemphero. Dishi ndi dikoda anandisiyira ndi malemu amuna anga. Anakagula ku Chipata kalekale, nthawi ija tinkaonera SABC, wailesi yakanema ya ku South Africa, ulere. Si yolipira pamwezi ayi.

Tsopano matchanelo akhala akutha limodzilimodzi. Ena akungomveka mawu, sikirini ili bii. Ena akulemba "No signal" ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Otsalawo ndi owerengeka, ndipo makasitomala ayamba kupitirira kukakhala kumene kuli mpira. Mnyamata wina wogulitsa zamagetsi wandiuza kuti zonse zinatha ntchito: dishi, waya, dikoda, ngakhale TV imene, poti ndi ija yachimsana. Akuti ndigule zatsopano zokhazokha. Ine ndalama imene ndikudikira ndi ya soya basi, ndipo pomwepo pali fizi ya ana. Magetsi a ESCOM sindinalumikize, ndimadalira sola ndi batire. Amene mukuzidziwa bwino zimenezi, ndiuzeni zoona. Chafa ndi chiyani kwenikweni?

Wokhoma madishi, kwa Kamwendo:

Mayi, musathamangire kugula zonse. Mmene mwafotokozeramu, chimene chatsalira m'mbuyo ndi dikoda, ndipo nayonso sinafe. Amene asintha ndi otumiza matchanelowo.

Madikoda a nthawi imeneyo anapangidwa kuti aziwerenga chithunzi chopakidwa mwa njira ya MPEG-2, chobwera pa siginolo ya DVB-S. Koma malo pa satelayiti amachita kubwereka, ndipo ndi okwera mtengo. Ndiye eni matchanelo akusamukira ku MPEG-4, imene imanyamula chithunzi chomwecho pa malo pafupifupi theka, komanso ku DVB-S2, imene imalola kulowetsa zambiri pa malo omwewo. N'chifukwa chake mukuona zizindikiro ziwiri zosiyana. Tchanelo chikangosintha mapakidwe a chithunzi, dikoda yanu imachigwirabe, mawu imawamva, koma chithunzicho imalephera kuchimasula. Ndiko kuda kwa sikirini kuja. Chikasamukira ku DVB-S2, dikodayo sichionanso n'komwe, imangoti siginolo palibe. Ngakhale mutasaka matchanelo usiku wonse, sabwerera.

Dishi ndi chitsulo chabe chosonkhanitsa siginolo n'kuiponya pa kamutu kali kutsogolo kaja, kamene timati LNB. Ilo silidziwa za MPEG-2 kapena MPEG-4. Ngati silinapindike, silinabooke ndi dzimbiri, ndipo silikugwedera pakhoma mphepo ikaomba, lisiyeni pomwepo. Popeza matchanelo ena akuonekabe, ndiye kuti likadali pamzere wake. Madishi ambiri aulere a nthawi ya SABC tinkawalozetsa kummawa, pa madigiri 68.5, pamene lero pali satelayiti ya Intelsat 20, ndipo pamenepo matchanelo aulere akadalipo, makamaka a mapemphero.

Zoti muyang'ane ndi ziwiri. Kachivindikiro ka pulasitiki ka pa LNB kamang'aluka ndi dzuwa, madzi n'kumalowa. Komanso pamene waya amamangidwira ku LNB, mukamasula n'kupeza kuti mkati mwachita zobiriwira kapena kawaya kapakati kada, dulani pang'ono mumangenso. Muzimitse kaye dikoda musanakhudze wayayo, chifukwa mumadutsa mphamvu ya mavoti 13 kapena 18, ndipo mawaya akagundana dikoda imatha kupsa.

Musanatulutse ndalama, bwerekani dikoda yatsopano yaulere kwa mnzanu, muilumikize pa dishi lanulo, musake matchanelo ndi Blind Scan, njira imene dikoda imadzisakira yokha matchanelo onse amene alipo. Akabwera, mwadziwa chogula. Pa katoni pakhale polembedwa DVB-S2 ndi MPEG-4 kapena H.264. Ikakhala ndi H.265 ndiye bwino koposa, chifukwa kumeneko n'kumene ena ayamba kulowera. Ndipo muitembenuze muone kumbuyo: pakhale potulukira zingwe zitatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera, osati HDMI yokha. Ikakhala nazo, TV yanu yachimsana igwira ntchito bwinobwino.

Mphunzitsi wopuma, Mchinji boma:

Achimwene a kwa Kamwendo anena zomveka. Ine ndingowonjezera kuti mayiwa asayembekezere kuti dikoda yatsopano iwabwezera SABC. Imene ija inapita pa chifukwa china. Wailesi yakanema ya eBotswana inakasuma kukhoti ku Johannesburg kuti Sentech, kampani imene inkaulutsa siginoloyo, ikulekerera anthu a kunja kwa South Africa kuonera ulere, zimene zinkaiphera msika. Khoti linagwirizana nayo, ndipo mu 2013 siginolo ija inatsekedwa. Ndikukumbuka mmene mabanja ambiri kuno anadandaulira, poti madzulo aliwonse anthu ankasonkhana kutsata masewero a kumeneko. Tchanelo cholemba "Scrambled" ndi chokiyidwa ndi eni ake. Wina akakuuzani kuti ali ndi dikoda yotsegula zonse mpaka kalekale, gwirani thumba lanu.

Chachiwiri, samalani ndi zilembo ziwiri zofanana, S2 ndi T2. Mlamu wanga anagula kabokosi kolembedwa DVB-T2, n'kukafika nako kumudzi, waya wa dishi osalowa n'komwe. T2 ndi ya mlongoti, imatenga siginolo kuchokera ku nsanja za pansi pano, monga imachitira Kiliye Kiliye ya kampani ya boma ya MDBNL, kapena GOtv. Imeneyi inabwera ndi kusamuka kuchoka ku analogi, kumene mayiko anagwirizana kuti kukhale kutachitika pofika pa 17 June 2015. S2 ndiyo ya dishi. Ngati makasitomala anu amafuna kwambiri nkhani zakwathu konkuno, yendani pa Kapiri pomwepo muone ngati pali wina amene anaimika mlongoti, mulowe m'nyumba muone ndi maso anu mmene ikugwirira. Ikamagwira kwa iye, njira imeneyonso ilipo.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti kusintha konseku phindu lake limapita kwa oulutsa, koma wogula bokosi latsopano ndi mlimi wa mtedza. Wolipira pamwezi amauzidwako, uthenga umabwera pa foni kapena pa sikirini kuti dikoda yakutiyakuti ikusiya kugwira ntchito. Wa dikoda yaulere palibe amamuuza. Amangoona matchanelo akuzima, n'kumaganiza kuti ana aononga limoti. Ndiye pamenepo m'pamene ogulitsa ena amapezerapo mwayi wogulitsa ndi zosafunika zomwe.

Mlimi wa kwa Mkanda:

Pa nkhani ya TV yokha ndikusiyana nawo pang'ono akuluakuluwa. Igwira ntchito inde, koma mayi ali pa sola. TV yachimsana imadya moto kwambiri, ndipo imafuna inveta, imene nayonso imadyako gawo lake. Kwathu batire inkatha nkhani za 8 koloko zisanathe, makamaka mu Januwale dzuwa likamabisala masiku angapo. Nditagula kaTV kopyapyala ka mavoti 12, batire yomweyo inayamba kufika mpaka tigone. Sindikuti mugule lero. Yambani ndi dikoda, koma musankhe ya mavoti 12, ija yokhala ndi adaputa yakunja, kuti mtsogolo zonse zidzayende popanda inveta. Muzilumikiza kudzera pa kontirola ya sola, osati kuluma pa batire penipeni. Ya TV mudzaiganizire mukadzagulitsa soya.

Koma za mpira, mayi, ndikuuzeni poyera. Wa ku England umene anyamata amafuna uja uli pa zolipira pamwezi. Dikoda yaulere yatsopano siithetsa vuto limenelo.

Mayi wa tiyirumu, kwa Kapiri:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo masana ndinabwereka dikoda kwa abusa a mpingo wathu, mwana wanga wamkulu n'kuilumikiza pa dishi lomwe lija. Matchanelo amene ankangomveka mawu aja abwera ndi chithunzi, ndipo patuluka ena amene sindinawaonepo. Titamasula waya kumwamba tinapezadi mkati muli mobiriwira, kachivindikiro kaja kang'aluka pakati. Ndiye ndigula dikoda ndi LNB basi. Za mpira ndamva, ndiyamba ndawerengera ngati makapu a tiyi a Loweruka ndi Lamlungu angakwanitse kulipira mwezi. Nanga yakaleyi nditaye kudzala?

Wokhoma madishi, kwa Kamwendo:

Ayi mayi, kudzala musataye, ndiponso musaiotche pamodzi ndi zinyalala. Utsi wa mapulasitiki ndi timabolodi ta mkatimo ndi woipa pachifuwa, makamaka kwa ana. Kaperekeni kwa okonza mawailesi, amachotsamo tizipangizo tokonzera zina. LNB mukagule yolembedwa Universal Ku-band, ndipo musanachotse yakaleyo mulembe chizindikiro ndi makala kapena choko mmene inapendekera, kuti yatsopanoyo mukaiike chimodzimodzi. Ikapendekeka mosiyana, matchanelo ena sabwera. Polumikiza waya mukulunge tepi yakuda mvula isanayambe.