Ndatuma jira, kwabwera fennel: msonkhano ndi Loweruka

Naphiri, Nchalo:
Anzanga ophika, ndithandizeni msanga, mutu wandizungulira. Loweruka ndili ndi oda ya anthu 60, msonkhano wa alangizi a zaumoyo kuno ku Nchalo. Amene akukonza msonkhanowo anandiuza kuti mumpunga ndiikemo jira wambiri, ati amawonjezera magazi, ndipo akufuna adzaphunzitsirepo. Ndinatuma mwana wa achimwene ku Limbe, wabwera ndi kilo yathunthu ya njere zooneka ngati jira koma zobiriwira, zonenepako. Nditatafuna, m'kamwa mwangozuna ngati switi ya chifuwa. Papepala palembedwa fennel. Mnyamatayo akuti wam'sitolo anamuuza kuti n'zimodzimodzi. Ndingothira basi?

Shefu wa pa Ngabu:
Musathire achemwali, muononga mpunga wa anthu. Ziwirizi ndi pachibale inde, banja limodzi ndi karoti, koma mwana wa mnzako si wako. Jira ndi wofiirira, woonda, ukamukazinga m'mafuta amatulutsa fungo lija la pilawu lomveka mpaka kuseri kwa mpanda. Fennel ndi uja Amwenye amamutcha saunf, amaika m'kambale potulukira pa lesitilanti kuti utafune ukatha kudya. Ndinagwirako kukhitchini ya Amwenye ku Blantyre zaka zinayi, sindinaonepo akuphika mpunga wa jira ndi saunf.

Mayi a ku Bangula:
Inu a Shefu, alendo ake ndi a konkuno ku chigwa, adziwa bwanji? Kilo yathunthu itayike ndi mmene ndalama ikuvutiramu? Ine ndikanathira pang'ono, n'kuchulutsa anyezi ndi adyo, nkhani yatha.

Shefu wa pa Ngabu:
Adziwa amayi. Lilime silifuna sukulu. Adzati mpunga wagweramo mankhwala otsukira mano.

Naphiri, Nchalo:
Zakakomedwezo ndamva. Chikundidetsa nkhawa ndi za magazi zija. Ngati fennel alinso ndi mphamvu yomweyo, mwina ndikhoza kukawachonderera eni msonkhano. A Nachisale mulipo? Inu munkayenda ndi amayi a m'makeya gulupu, magulu aja ophunzitsana za zakudya ndi umoyo, izi mukuzidziwa.

Nachisale, Chikwawa boma:
Ndilipo asisi, ndinali pamoto. Eni msonkhano sananame kwenikweni, koma nkhaniyo aigwira mchira. Pa magalamu 100 a njere, jira ali ndi ayironi, uja thupi limapangira magazi, mamiligalamu pafupifupi 66, pomwe fennel ali ndi 18 ndi theka. Ndiye pa ayironi, jira amaposa katatu n'kupitirira. Fennel naye ali ndi pake popambana: kashiamu ali ndi mamiligalamu pafupifupi 1,200 pamene jira ali ndi 930, ndipo faiba uja wothandiza kuti m'mimba musaume ali ndi magalamu pafupifupi 40, jira 10 ndi theka basi. Vitamini C alinso ndi wochulukirapo, mamiligalamu 21 pa 8 a jira, ngakhale ameneyo amathera pamoto. Jira ndiye ali ndi mafuta ambiri, magalamu 22 pa 15 a mnzakeyo. Zomanga thupi sakusiyana kwambiri, 18 ndi 16.

Koma ndikufunseni, ndani anadyapo magalamu 100 a jira? Ndi kapu pafupifupi yathunthu imeneyo. Asisi, mumpunga wa anthu 60 mumathira wochuluka bwanji?

Naphiri, Nchalo:
Makilo 10 a mpunga, ndikathira kwambiri ndiye magalamu 100 omwewo. Kuposa apo amawawa.

Nachisale, Chikwawa boma:
Eyaa, ndiye tigawe. 66 kwa anthu 60, aliyense wapeza miligalamu imodzi ndi kanthu kakang'ono. Mukathira fennel, aliyense sapeza ndi theka lomwe la miligalamu. Mayi wamsinkhu wobereka amafunika pafupifupi 18 patsiku, woyembekezera 27. Mwaona? Papepala kusiyana kwake n'koopsa, koma m'mbale ya munthu mmodzi sikukwana ndi miligalamu imodzi. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 4. Chiwindi cha nkhuku magalamu 100 chili ndi 9, ndipo ayironi wa m'nyama thupi limamulandira mosavuta kusiyana ndi wa m'zomera, yemwe wambiri amangodutsa. Mapiritsi aja amapereka ku sikelo kwa amayi oyembekezera amakhala ndi 30 mpaka 60 limodzi. Mayi wochepa magazi akasiya mapiritsi chifukwa wamva kuti jira ndi mankhwala, tamupha ndife.

Chimandipweteka n'choti timatumiza ana ku Limbe kukasaka njere zochokera ku India, pamene sangowa (moringa), wa masamba okhala ndi ayironi, ali kuseri kwa nyumba iliyonse kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Marka, mbuzi n'kumadya.

Achimwene a ku East Bank:
Pamenepo ndiye mwalasa. Komabe ine ndimuikireko kumbuyo jira. Miligalamu imodzi yochokera m'kasupuni ka zokometsera si yonyozeka, tsiku ndi tsiku imaunjikana. Musapangitse anthu kuganiza kuti alibe ntchito.

Nachisale, Chikwawa boma:
Sindikukana achimwene. Supuni yaing'ono ya jira, magalamu awiri, ili ndi miligalamu imodzi ndi theka osakwana pang'ono, n'zoona. Munthu wophikira banja la anthu anayi akathira m'nyemba wawonjezerapo kanthu. Ndikukana zomuika pampando wa ndiwo.

Mayi a ku Bangula:
Chabwino, mwandigonjetsa. Nanga kilo ija? A Naphiri, ipimeni m'timapepala muzigulitsa kwa amayi a makanda. Ndinamva kuti madzi ake owiritsa amaletsa mwana kulira ndi m'mimba.

Nachisale, Chikwawa boma:
Amayi, pepani, pamenepo ndiye ayi ndithu. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha, ngakhale madzi sapatsidwa, ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Ndipo bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya silivomereza tiyi wa fennel kwa mwana wosakwana zaka 4. Ife ndife ophika, tisalowe m'ntchito ya achipatala, tingadzayankhe milandu. Akuluakulu akhoza kutafuna akatha kudya kapena kuthira mu tiyi wawo, zimenezo palibe vuto.

Mayi a ku Bangula:
Ndamva mwanawe, ndabweza mawu.

Shefu wa pa Ngabu:
Tiyeni tikonze ntchito ya Loweruka tsopano. Achemwali, ine ndili ndi jira wanjere wokwana magalamu 200. Ndikutumizirani mawa pa minibasi yoyamba. Inu munditumizire theka la kilo la fennel wanuyo, ndimamufuna wa masoseji, amayanjana kwambiri ndi nyama ya nkhumba. Ndalama tisapatsane.

Kaphikidwe kake: mafuta atenthe kaye, muthire jira wosasinja, mudikire kamphindi mpaka ayambe kuthetheka ndi kununkhira, kenako anyezi pompo. Mukachedwa ada n'kuwawa, ndipo poto yense wapita. Mpunga ulowe pambuyo.

Wotsalayo musamusinje yense. Kutentha kwa kuno ufa wa zokometsera umatha fungo msanga. Sungani njere m'botolo lotseka bwino, kutali ndi mbaula, muzisinja za tsiku lomwelo. Yesani pa makakana kapena mlamba: kazingani fennel pachiwaya chouma, musinje ndi mchere, adyo ndi mandimu, mupake nsomba musanaotche. Fungo la matope lija limachepa. M'mandasi namonso kasupuni kamodzi pa kilo ya fulawa, makasitomala adzakufunsani kuti mwasintha chiyani.

Achimwene a ku East Bank:
Za m'mandasizo ndiyesa ine. A Naphiri, mundisungireko magalamu 100, ndidzatenga ndikamadutsa Lolemba.

Naphiri, Nchalo:
Takhuta nonse. Koma eni msonkhano akufuna chakudya chophunzitsira za magazi. Ndisinthe chiyani osaonjezera bajeti? Ndinalemba mpunga, nkhuku, kabichi ndi zakumwa za m'mabotolo.

Nachisale, Chikwawa boma:
Kabichi achoke, pabwere bonongwe kapena sangowa wotendera. Nkhuku mukupha zingati? Ziwindi zake musabise kukhitchini monga timachitira ife ophika (inde, ndikudziwa), zikazingeni ndi anyezi zipite patebulo. Zikachepa a Shefu akugulireni chiwindi cha mbuzi pa Ngabu. Nyemba kapena khobwe poto mmodzi, mmenemonso muthiremo jira. M'malo mwa zam'mabotolo sungunulani malambe m'madzi owiritsa ozizira, shuga pang'ono. Vitamini C wa m'malambe ndiye amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi masamba. Ikaninso mandimu oduladula pambali. Tiyi asayandikane ndi nkhomaliro, amatsekereza ayironi. Akamwa 10 koloko, chakudya chikhale cha m'ma 12 kupita kutsogolo, ndipo musabweretsenso fulasiki atangotsuka m'manja.

Naphiri, Nchalo:
Ndawaimbira eni ake. Poyamba anakakamira kuti iwo anawerenga pa intaneti kuti jira amaposa chiwindi. Nditawawerengera masamu a a Nachisale a 66 kugawa kwa anthu 60, anangoti zii, kenako n'kuseka. Avomera zonse, ndipo akuti ndiike timbale tiwiri patebulo, ka jira ndi ka fennel, alangizi adzalawe okha. Akufunsanso ngati a Nachisale angabwere kudzalankhula mphindi 10.

Nachisale, Chikwawa boma:
Loweruka ndili ndi chinkhoswe ku Dyeratu asisi, sinditha. Ndikulemberani manambalawo bwinobwino usiku uno, mudzawapatse awerenge okha.

Shefu wa pa Ngabu:
Ndamanga kale, jira m'botolo la chotsekera chofiira, chiwindi makilo awiri ndigula Loweruka m'mamawa chisagone. Botolo likubwera mawa ndi kondakitala, mukadikire pa siteji 7 koloko. Ndipo mwana wa achimwene uja musamutume yekha, anganditengere katundu wa eni ake.