Ndithandizeni kusankha chikwama cha kamera chokwera nacho mapiri

Anzanga ojambula zithunzi muno mu Lusaka, ndikupempha nzeru. Mwezi wamawa ndikupita ku mathithi a Kundalila, kufupi ndi Serenje, ndipo njira yotsikira kunsi kwake ndi yotsetsereka, yamiyala. Ndimanyamula kamera imodzi, lenzi ya 24-70mm ndi ya 70-200mm, tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), mabatire ndi madzi malita 2.

Chikwama chimene ndili nacho n'chapaphewa limodzi, ndinachigula pa salaula. Ulendo watha cha ku Leopards Hill chinandizunza. Lamba anadya phewa mpaka khungu kufiira, fumbi n'kulowera pazipi kukakhala pagalasi la lenzi yaikuluyo. Ndinapukuta manja akunjenjemera, poti lenziyo ndinaisungira ndalama chaka chathunthu.

Tsono ndigule chiti: chenicheni cha kamera chotsegukira kumsana, kapena cha okwera mapiri chokhala ndi lamba wam'chiuno, n'kuikamo kabokosi ka siponji? Mtima wanga uli pa chachiwirichi chifukwa kulemera kumatsikira m'chiuno, koma ndikuopa kuti mbalame izidzauluka ndisanatulutse kamera. Chikwama cha saizi ya malita 30 chingakwane? Nanga mvula ikagwa, chovindikira chake chimatetezadi?

Amene munagulako cholimba ku Kamwala kapena kwina kuno, chonde ndilozereni.