Chitsanzo cha php-openid chikundibwezera ku 127.0.0.1 ndikamaliza kulowa

kachere_dev

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndaika php-openid, laibulale ya PHP ya OpenID yopangidwa ndi kampani ya JanRain, pa seva ya Ubuntu kuti ndione mmene munthu angalowere pa webusaiti ndi adiresi yakeyake, osati ndi akaunti ya Google kapena Facebook. Kutsogolo kuli nginx yomwe ikusamalira HTTPS, kumbuyo Apache pa port 8080. Tsamba la examples/consumer/index.php likutseguka bwinobwino, ndikalemba adiresi ya OpenID likundipititsa kwa provider (seva yotsimikizira kuti adiresiyo ndi yanga), pasiwedi ikulandiridwa. Pobwerera ndi pomwe zikuvuta: browser ikupita ku http://127.0.0.1:8080/examples/consumer/finish_auth.php, ndiye palibe chimene chikutseguka. Vutoli lili mu nginx kapena mu PHP? Nanga pali china chimene ndiyenera kukonza ndisanaonetse anthu ena?

mlonda_wa_seva

Achimwene, vutoli lili mbali zonse ziwiri, koma gwero lake ndi fayilo ya common.php mu foda ya consumer. Mmenemo muli getReturnTo ndi getTrustRoot, zomwe zimapanga adiresi yobwererapo pophatikiza SERVER_NAME ndi SERVER_PORT, ndipo getScheme imalemba https pokhapokha HTTPS ikakhala "on". Nginx ikamatumiza pempho ndi proxy_pass, ikapanda kuuzidwa imaika Host kukhala adiresi ya kumbuyo, yomwe kwa inu ndi 127.0.0.1:8080. Apache imakhulupirira zimenezo, PHP imalemba adiresi imeneyo mu openid.return_to, ndipo provider amangobwezera munthu komwe mwamuuza. Provider sanalakwitse kalikonse.

Mu nginx ikani proxy_set_header Host $host ndi proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme. Ku Apache onjezani SetEnvIf X-Forwarded-Proto https HTTPS=on. Koma musaimire pomwepo. Host ikabwera yopanda port, Apache kawirikawiri imanena kuti SERVER_PORT ndi 80, ndiye mudzapeza adiresi yoyamba ndi https yothera pa :80, yomwenso sigwira ntchito. Ine ndingakulangizeni kungochotsa kuwerengera konseko n'kulemba adiresi yeniyeni ndi dzanja, monga https://dzina-lanu/examples/consumer/finish_auth.php, ndipo getTrustRoot ibweze https://dzina-lanu/examples/consumer/. Adiresi yobwererapo iyenera kukhala pansi pa trust root, adiresi imene getTrustRoot ikubweza, apo ayi provider adzakana pempho lonse. Izi zimatsekanso mpata woti wina asinthe Host n'kupotoza komwe munthu akubwerera.

Musanayesenso, tsegulani examples/detect.php. Ikadandaula za masamu, ikani php-gmp, pamodzi ndi php-curl ndi php-xml, kenako muyatsenso Apache. GMP kapena bcmath ndi zomwe zimawerengera Diffie-Hellman pamene seva yanu ndi provider akugwirizana za kiyi yosainira. Zikasowa, laibulale itha kulephera kupanga mgwirizanowo, ndipo ikalephera, pa kulowa kulikonse imayenera kubwerera kwa provider kukafunsa ngati siginecha ndi yoona. Mukamaliza, detect.php muichotse, chifukwa imaulula zambiri za seva yanu kwa aliyense woitsegula.

nthondo

Zimene anena a mlonda_wa_seva zikonza funso loyamba. Funso lachiwiri ndi lomwe ndikuona kuti ndi lalikulu.

Chitsanzochi chimasunga ma association (migwirizano ya kiyi yosainira ija) ndi ma nonce mu foda ya _php_consumer_test mkati mwa /tmp. Pa Ubuntu, Apache imayenda ndi PrivateTmp ya systemd, choncho mukaifunafuna mu /tmp simuiona mwachindunji, ili mkati mwa foda yoyamba ndi systemd-private, ndipo imafufutidwa nthawi iliyonse Apache ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Ma association akatayika, amene anali pakati polowa nthawi imeneyo amakanidwa. Ma nonce akatayika ndiye nkhani yachitetezo: nonce ndi chizindikiro chomwe chimaletsa kuti yankho limodzi la provider ligwiritsidwe ntchito kawiri, ndipo laibulaleyi imalandira nonce yomwe nthawi yake sinapitirire maola 5. Ma nonce okha akatayika ma association akadalipo, wina amene anagwira adiresi ya yankholo atha kuitumizanso m'maola amenewo n'kulowa ngati mwiniwake. Pangani /var/lib/openid, mwini akhale www-data, chmod 700, ndipo muloze Auth_OpenID_FileStore kumeneko. Isakhale mkati mwa foda yomwe Apache imaonetsa kwa anthu. Wotchi ya seva nayo ikhale yolondola, onani ndi timedatectl, chifukwa ikasokonekera kwambiri ma nonce abwinobwino amakanidwa.

China chimene anthu amachiiwala: seva yanu imapita yokha kukawerenga adiresi iliyonse imene mlendo walemba m'bokosi lija, kuti ipeze openid2.provider, chizindikiro choloza kwa provider wa mlendoyo. Mlendo akalemba http://127.0.0.1:8080/ kapena http://169.254.169.254/, yomwe pa AWS ndi makampani ena a cloud imapereka zinsinsi za makinawo, seva yanu idzagogoda pamenepo m'malo mwake. Chitsanzochi sichitchinga zimenezi. Tsekani pa firewall kuti www-data isafikire ma adiresi a mkati omwe sikuwafuna, ndipo kumbukirani kuti adiresi yooneka yabwino itha kukulozerani kwina ndi redirect.

kachere_dev

Zikomo kwambiri akuluakulu, kulemba adiresi ndi dzanja kwathandiza, tsopano ikufika pa finish_auth.php. Koma provider woyesera ndikugwiritsa ntchito wa mu examples/server. Anthu enieni adzalowa ndi ndani?

gogo_unix

Mwafunsa funso lenileni, achimwene, ndipo yankho lake ndi lowawa. OpenID inayambitsidwa ndi Brad Fitzpatrick mu 2005 pa LiveJournal, mtundu wa 2.0 unamalizidwa mu 2007, koma opereka ake akuluakulu anatseka kalekale. MyOpenID ya JanRain yemweyo inatsekedwa mu February 2014, Google inasiya OpenID 2.0 mu April 2015, Stack Exchange inaichotsa mu 2018. OpenID Connect ya 2014 ili ndi dzina lofanana koma ndi chinthu china, yomangidwa pa OAuth 2.0, ndipo nthawi zambiri imafuna kuti mulembetse kaye pulogalamu yanu kwa provider aliyense kuti akupatseni client_id, chizindikiro cha pulogalamuyo. Pamenepo ufulu woti munthu abwere ndi adiresi yake uja watha.

Ngati cholinga ndi kuphunzira, pitirizani ndi php-openid, imaonetsa bwino mmene discovery (kupeza provider kuchokera pa adiresi ya munthu) ndi siginecha zimayendera. Ngati mukufuna kuti anthu azilowadi ndi domain yawo, yang'anani IndieAuth, yomwe W3C inasindikiza ngati Note mu January 2018. Mmenemo client_id ndi adiresi ya webusaiti yanu basi, palibe kulembetsa. Kumbali ya wolowa, Selfauth, pulogalamu ya PHP yotsimikizira kuti ndinu mwini domain, ndi yaing'ono kwambiri: ikani index.php ndi setup.php mu foda ngati /auth/, tsegulani setup.php, lembani adiresi yanu ndi pasiwedi, ndipo ipanga config.php. Foda ikakhala yosalembeka ndi www-data, fayiloyo muyenera kuipanga nokha. Chitani zimenezi mukangoika mafayilowo, chifukwa amene angayambe kutsegula setup.php ndiye amene asankhe pasiwedi, ndipo mukatha muichotse. Kenako pa tsamba lanu loyamba, mkati mwa head, ikani link ya rel="authorization_endpoint" yoloza ku /auth/.

Kumbali yolandira alendo, composer require indieauth/client ikupatsani laibulale ya PHP. Onetsetsani kuti state, chizindikiro chimene mumatumiza ndi pempho lolowera, ikusungidwa mu session ndi kuyerekezedwa munthu akabwerera, ndiponso kuti adiresi ya "me" imene endpoint (tsamba lotsimikizira ngati /auth/ lija) yabweza ikulozadi ku endpoint yomweyo, apo ayi aliyense wokhala ndi endpoint yake atha kunena kuti ndi mwini domain ya wina. Makonzedwe a nginx aja ndi chenjezo la a nthondo la ma adiresi a mkati zikugwiranso ntchito kuno, popeza redirect_uri nayo iyenera kukhala adiresi ya https yomwe anthu akunja angaifikire.