Ndalama ya a Phiri ndi chikho cha sukulu za kwathu

Mlembi: Makolo ndi abale nonse, ndikudziwitseni kuti a Phiri a ku Johannesburg atumiza K3,000,000 ku thumba la gulu dzulo madzulo, ndipo a Msungichuma atsimikiza kuti yafika. Pempho lawo ndi lakuti chikho chathu cha mpira wamiyendo cha sukulu za sekondale chikule kuchoka pa matimu 8 kufika pa 16, kuti sukulu za kumunsi kwa Khwekhwelere, cha ku Golomoti ndi ku Mtakataka, zilowe nawo. Apemphanso kuti tikonze ndandanda ya masewero, popeza chaka chatha tsiku la ndime yotsiriza linasinthidwa katatu. Bwalo ndi lanu.

Nabanda (Area 25): Tathokoza achimwene, Mulungu abwezere pamene mwachotsapo.

A Mbewe (aphunzitsi opuma): Ndiyambe ndi kuthokoza a Phiri, chifukwa si onse amene amakumbuka kwawo akawoloka Limpopo. Komabe ndisabise mawu, ine ndinayendetsa zamasewero pa sukulu zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikuona kuti anzanga mukuwerenga matimu osawerenga masewero. Matimu 8 akamachotsana kuyambira pachiyambi, masewero amakhala 7 okha. Matimu 16 akamachotsana chimodzimodzi, masewero amakhala 15. Koma a Phiri anandiuza pa lamya kuti akufuna magulu anayi a matimu anayianayi, kuti timu iliyonse isewere katatu isanatuluke. Zikatero masewero a m'magulu okha ndi 24, ndipo tikawonjezapo 7 a ndime ya chipulula akukwana 31. Masewero aliwonse amafuna lole, oyimbira atatu, laimu wolembera bwalo ndi chakudya cha ana. Gawani ndalamayo ndi 31, mupeza kuti masewero amodzi akulandira ndalama yosafika K100,000, chikho, mipira ndi mphoto tisanagule. Palibe mwini lole amene angachoke ku Mtakataka, kukwera Khwekhwelere ndi kubwerera pa mtengo umenewo, makamaka chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

A Phiri (Johannesburg): Aphunzitsi, masamu anu sindingawatsutse, popeza ndinu munandiphunzitsa. Chimene chinandikhudza ndi ichi: mu Epulo 2023 anyamata a Salima Secondary anadzasewera ku Durban mu mpikisano wa sukulu za mu Africa wokonzedwa ndi CAF, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo mu Africa, ndipo ine ndinakwera basi usiku wonse kukawaonera. Ana amenewo ndi a m'mphepete mwa nyanja ngati athu a ku Mtakataka. Ndinadzifunsa kuti mwana wa kumunsi kwathu adzaonekera kuti ngati ngakhale chikho cha abale ake enieni chimathera pamwamba pa phiri. Ngati ndalamayi yachepa, ndikhoza kuwonjezera pang'ono mwezi wa mawa.

A Mwale (Blantyre): Musanawonjezere, achimwene, tiuzidwe kaye kuti zitsulo za magolo zili kuti. Tonse tinasonkha, ena tinatumiza kawiri, koma ndinadutsa kumudzi pa maliro a azakhali mwezi wathawu ndipo ndinapeza magolo akadali a bulugamu, lina litapendekeka ndi chiswe.

Msungichuma: Bambo Mwale, nkhani ya zitsulo inachitika komiti ino isanalowe. Ine ndinalandira kope lopanda malisiti, ndipo ndinanena zimenezi pa msonkhano woyamba. Ndalama ya a Phiri ili ku banki, sinakhudzidwe, ndipo aliyense wofuna kuona sitetimenti ndimutumizira.

A Mbewe: Tisasokoneze nkhani ziwiri. Za zitsulo zinakambidwa kale ndipo ndidzazibwerera nthawi yake. Panopa ndikufuna gulu limvetse kuti chimene chinapha chikho cha chaka chatha si kuchepa kwa matimu, koma nthawi imene tinachiyika. Tinayamba mu Febuluwale, mvula ili pakati. Bwalo la sukulu ya kutsidya lili m'dambo, ndipo masewero awiri analephereka chifukwa mpira unkayandama. Titasuntha, tinagundana ndi mayeso a kumapeto kwa teremu. Titasunthanso, tinalowa mu teremu yachitatu, pamene a Folomu 2 ndi a Folomu 4 ali pa mayeso oyeserera, JCE ikubwera cha mu Juni ndipo MSCE ili pambuyo pake. Mphunzitsi wamkulu aliyense wanzeru amakaniza mwana wa Folomu 4 kukwera lole nthawi imeneyo, ndipo ine sindingamudzudzule, chifukwa kholo likafika ku sukulu limafunsa za mapointi a MANEB, osati za zigoli. N'chifukwa chake timu ina inalowa m'ndime yotsiriza osatuluka thukuta, anzawo atalephera kubwera, ndipo mpaka lero a sukulu ya mishoni amati tinawabera. Kuwonjezera matimu pa ndandanda yotereyi kuli ngati kufolera nyumba imene mizati yake yadyedwa.

A Nkhoma (Lilongwe): Aphunzitsi, amene anasankha Febuluwale ndi ndani? Ine ndikukumbuka kuti ndandandayo inalembedwa ndi dzanja lanu.

A Mbewe: Ndinalemba ine, koma ndinalemba mu Januwale chifukwa ndalama inafika mu Januwale. Malonjezo anaperekedwa mu Ogasiti, ndipo ena amene mukulankhula pano munatumiza Khirisimasi itapita. Munthu sungapangane ndi mwini lole ndi malonjezo a pa WhatsApp. Maganizo anga ndi akuti chikho chizichitika mu teremu yoyamba basi. Sukulu zimatsegulidwa mu Seputembala, mabwalo amakhala ouma, misewu ya fumbi imapitika, ndipo mayeso a boma amakhala kutali. Kuchokera sabata yachitatu ya teremu kufika pakati pa Novembala, mvula isanakhazikike, tili ndi masabata osaposa khumi, ndipo ndi okwanira tikapanda kususuka. Ngati a Phiri akuumirira matimu 16, tigawe pawiri: a kumtunda achotsane okhaokha, a kumunsi achotsane okhaokha, kuti lole isakwere phiri mpaka patatsala matimu anayi. Masewero akhala 15, ndipo okwera Khwekhwelere akhala atatu okha, mwinanso awiri.

A Phiri: Pamenepo ndiye kuti theka la matimu lisewera kamodzi n'kubwerera kwawo. Mwana wakonzekera mwezi wathunthu, wagonja pa mapenate, chaka chake chathera pomwepo. Si chimene ndinatumizira ndalama.

A Mbewe: Mwana wanga, walira mvula walira matope. Ukafuna masewero 31 uvomerenso mafuta a masewero 31.

Mayi Nangozo (aphunzitsi, kumunsi): Ndilankhuleko monga munthu amene ndikuphunzitsa kumunsi kuno. Teremu yoyamba ndi yabwino kwa inu a kumtunda kumene mphepo ya Dedza imazizira, koma kuno mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndipo kusewera 2 koloko masana ndi kuzunza ana. Masewero athu ayenera kuyamba cha m'ma 4 koloko, komanso zikatero alendo amabwerera usiku ali pa lole, ambiri mwa iwo ophunzira oyendera amene akatsika amayendanso mtunda wautali. Chinanso, a Folomu 1 ambiri amafika mochedwa, moti timu ya mu Seputembala imakhala isanakhazikike. Sindikukana maganizo a bambo Mbewe, koma ndandanda isalembedwenso ndi anthu a kumtunda okha monga mmene mwakhala mukuchitira pa zinthu zina.

A Mwale: Funso langa la zitsulo silinayankhidwe. Wapampando wa komiti imeneyo ali pa gulu pano ndipo akulemba ndime zitalizitali.

A Mbewe: Bambo Mwale, ngati mukunena ine, tchulani dzina. Ndalama inaperekedwa kwa wowotcherera, wowotchererayo anasamuka, ndipo ine ndinapita kwa amfumu kawiri pa nkhani imeneyi pogwiritsa ntchito ndalama ya m'thumba mwanga. Kuti sindinatenge lisiti ndikuvomera kuti ndinalakwitsa. Koma munthu amene sanaphonyepo ngakhale Loweruka limodzi pa bwalo sayenera kuweruzidwa ndi anthu amene amaonera chikho pa zithunzi.

Wapampando: Abale, ulemu ukhalepo. A Mbewe ndi kholo lathu, a Mwale nawonso ali ndi ufulu wofunsa. Tibwerere ku ndandanda.

A Nkhoma: Pa za tsiku, ine ndikupempha kuti Loweruka lichoke. Chaka chatha goloboyi wa sukulu yathu, mwana wa mpingo wa Seventh Day, sanasewere masewero awiri, ndipo ndi momwe tinatulukira.

A Mbewe: Mukachotsa Loweruka mwatsala ndi chiyani? Lamulungu a CCAP ndi a Katolika ali ku mapemphero mpaka masana, ndipo atsogoleri a mipingo anatidandaulira kale. Lachisanu abale athu achisilamu ali ku mzikiti, komanso ana oyendera amakhala akuthamangira kwawo. Lachitatu masana ndi limene sukulu zambiri zimasiyira zamasewero, koma limatheka pokhapokha sukulu ziwirizo zili zoyandikana, chifukwa simungatulutse ana m'kalasi 10 koloko m'mawa kuti akwere lole. Ine ndingati masewero a sukulu zoyandikana akhale Lachitatu, a kutali akhale Loweruka masana, ndipo timu imene ili ndi ana a Sabata inene ndandanda isanatuluke, osati m'mawa wa tsiku la masewero. Ndiwonjezeponso chimene a Phiri sanachitchule. Mpikisano wa ku Durban uja ndi wa ana osapitirira zaka 15, pamene chikho chathu chimadzaza ndi abambo a ndevu amene amalembetsa ku Open sabata imodzi masewero asanayambe. Tikakuza chikho osatseka khomo limeneli, tikukuza chinyengo. Mwana aliyense akhale ndi chithunzi chodindidwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo mayina atsekedwe masewero oyamba asanachitike.

Mayi Nangozo: Ophunzira a Open nawonso ndi ophunzira, bambo, ndipo ena ndi ana aang'ono amene sanasankhidwe chabe. Vuto ndi msinkhu, osati Open. Tiyike malire a zaka, ndipo wopitirira zaka 16 aonetse chitupa chake cha unzika chimene chili ndi tsiku lobadwa.

Nabanda: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndifunse. M'ndalama yonseyi, atsikana gawo lawo ndi liti? Mpikisano wa CAF umene mukuutamawo uli ndi mbali ya atsikana. Kwathu ngakhale ntchemberembaye imene dziko lino limadziwika nayo ilibe chikho, ndipo atsikana amangokwera lole kukaimbira anyamata nyimbo. M'malo mwa matimu 16 a anyamata, bwanji 8 a anyamata ndi 8 a atsikana, akwere lole imodzi ndi kusewera tsiku limodzi?

A Phiri: Achemwali, mfundo yanu ndi yomveka, koma zikatero a kumunsi atsalanso kunja.

A Mbewe: Maganizo a Nabanda amapulumutsa mafuta, zimenezo n'zoona, koma tsiku limodzi lokhala ndi masewero awiri liyenera kuyamba msanga, ndipo tabwereranso ku dzuwa la mayi Nangozo. Pafunikanso aphunzitsi aakazi operekeza, ndipo sukulu zina za CDSS zili ndi mmodzi kapena zilibiretu. Ndikonza ndandanda ziwiri usiku uno, ya matimu 16 ogawidwa pawiri ndi ya 8 kuphatikiza 8, ndipo ndiziyika pano mawa kuti aliyense aone ndi maso ake.

A Nkhoma: Ndandanda isalembedwe ndi munthu mmodzi ngati chaka chatha. Mayi Nangozo akhalepo, komanso aphunzitsi a zamasewero a sukulu zonse afunsidwe, pamodzi ndi a bungwe la zamasewero a m'sukulu la MASSA a m'boma lathu kuti tisagundane ndi mipikisano yawo.

Mlembi: Ndalemba mfundo zonse. Ndikupempha kuti tikumane pa intaneti Lamulungu 7 koloko madzulo kuti tivote.

A Phiri: Lamulungu madzulo ndimakhala ku ntchito. Ndapempha a Msungichuma kuti ndalamayo isatuluke mpaka nditamva kuti a kumunsi alowa.

A Mwale: Ine ndidzavota tsiku limene dzina la wowotcherera uja ndi ndalama imene analandira zidzalembedwe pano. A Mlembi, zimenezo muziyike poyambirira pa mndandanda wa zokambirana.