Magazi amatenga akafukufukuwa amapita nawo kuti?

Mayi_wa_awiri: Abale ndifunseko, akuti mwana wanga atha kulowa mu kafukufuku wa katemera koma azimutengako magazi, ndiye apongozi akukanitsitsa ati ndi za anamapopa zimenezo. Alipo amene akudziwa bwino?

MwanaWaZingwangwa: Mayi musaope. Kwathu kuno ku Zingwangwa komanso ku Ndirande mu 2018 kunachitika kafukufuku wa katemera wa tayifodi, ana oposa 28,000 analowa kuyambira a miyezi 9 mpaka zaka 12, theka anabayidwa wa tayifodi theka lina wa meningitis (matenda oumitsa khosi) kuti afananize, makolo samadziwa kuti mwana walandira uti. Kwa obayidwa wa tayifodi, matendawa anachepa ndi pafupifupi 80%, nde 2023 katemerayu anayamba kubayidwa dziko lonse.

Anesi_opuma: Magaziwo amapita ku labu basi, amayeza ngati thupi lapanga chitetezo kapena ngati muli tizilombo mwana akatentha thupi, ndi kachubu kakang'ono chabe. Koma fomu ija muwerenge musanasayine, mufunse chilichonse, ndipo mukafuna kusiya panjira palibe angakukakamizeni, chithandizo kuchipatala mumalandirabe.

Chikondi88: Apongoziwo atengeni akafunse okha, anga anasiya phokoso ataona kachubuko kkkk