Masensa a Zigbee akumasowa magetsi akathima, ndifufute zonse ndiyambirenso?

Bambo a Chisomo: Moni nonse pagulu pano. Akatswiri ndigawireniko nzeru. Nyumba ndi ya njerwa zootcha, zipinda zinayi, denga la malata. Muli Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zida za m'nyumba, pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4, ndi dongle ya pa USB yolankhulira ndi zida za Zigbee, zomwe zimalumikizana popanda mawaya, yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya Zigbee2MQTT. Zida za Zigbee zilipo 19: masensa a pachitseko 8, oona munthu akamadutsa 4, mababu 5 ndi mapulagi 2. Pi, dongle ndi router ya Wi-Fi zili pa inveta, kwina konse ndi magetsi wamba. Magetsi akathima, masensa a kugeti, kusitolo ndi kukhitchini yapanja amasowa, ndipo magetsi akabwera ena sabwereranso mpaka nditawadina. Mabatire awo akutha m'miyezi iwiri yokha. Sensa ina ndinaichotsa ndi force remove, pano ikukana kulowanso. Komanso pulagi yatsopano ya Wi-Fi ikumafika pakati n'kulephera kulumikizana. Kodi ndingofufuta zonse ndiyambirenso?

Amalume a Mawaya: Musafufute bambo, mungotaya Loweruka lanu pachabe, vuto n'kubweranso magetsi akangothima. Masensawo ndi abwinobwino, chikudwala ndi msana wa netiweki. Pa Zigbee pali zida za mitundu itatu. Dongle yanu ndiye mutu. Zida zodya magetsi a m'khoma, monga mapulagi ndi mababu, zimalandira uthenga n'kupatsira zinzake. Pa Zigbee2MQTT zimalembedwa kuti router, koma musazisokoneze ndi router ya Wi-Fi ija. Pano tizingoti milatho. Masensa a batire sapatsira wina aliyense, amagona nthawi zambiri, ndipo iliyonse imakhala ndi kholo limodzi lomwe imalankhula nalo ikadzuka.

Ndiye onani zomwe zikuchitika kwanuko. Milatho yanu yonse 7 ili pa magetsi wamba. Akathima imafa yonse nthawi imodzi, dongle n'kutsala yokha. Sensa ya kugeti imadzuka, kholo kulibe, dongle ili kuseri kwa makoma atatu. Imayamba kusakasaka wailesi yake ili choyaka, pomwe masiku onse imangoyatsa kwa kamphindi. Batire ya CR2032 imasunga pafupifupi 220 mAh basi, ndiye kusaka kwa maola angapo tsiku ndi tsiku kumaiyamwa. Masensa ena otchipa akasaka n'kutopa amangosiyiratu, n'chifukwa chake mumachita kukawadina.

Mankhwala ake: milatho iwiri kapena itatu ikhale pa mzere wa inveta. Pulagi ya Zigbee ikangokhala imadya pafupifupi watt imodzi, inveta siimva n'komwe. Imodzi pakolido pakati pa nyumba, ina pafupi ndi zenera loyang'ana kugeti. Isakhale kuseri kwa firiji kapena m'bokosi lachitsulo. Mukatero masensa akutaliwo muwalowetsenso kudzera pa milatho imeneyi, osati pa babu.

Bambo a Chisomo: Zikomo amalume. Kulowetsa kudzera pa mlatho winawake ndiye kotani? Ine ndimabweretsa sensa patebulo pafupi ndi dongle, ikalowa n'kukaimata pamalo pake.

Amalume a Mawaya: Pamenepo ndiye pali nkhani. Ikalowera patebulo imatenga dongle ngati kholo, mukaipititsa kugeti imakakamirabe kholo lomwelo ngakhale pali pulagi pamphuno pake. Ilowetseni ili pamalo pomwe izikhala. Pa tsamba la Zigbee2MQTT, pambali pa batani la Permit join, lololeza zida kulowa, pali kamuvi. Dinani pamenepo, musankhe dzina la pulagi yomwe mukufuna. Khomo limatseguka masekondi 254 okha, ndiye khalani mutaima kale pa sensapo foni ili m'manja. Gwirani kabatani ka sensa masekondi 5 kapena kupitirirako mpaka kanyali kayambe kuphethira, kenako muzikadina kamodzi pa masekondi awiri kapena atatu alionse kuti isagone isanamalize kudzifotokoza. Ikagona pakati imaoneka pamndandanda koma yopanda mtundu, ndipo siitumiza kanthu. Simufunika kuichotsa kaye. Nambala yake ya IEEE, yomwe inabwera nayo kuchokera kufakitale, sisintha, choncho imabwerera ndi dzina lake lakale ndipo ma automation anu, malamulo ongodziyendera omwe munaika, sasokonekera.

Mayi a Thoko: Ine nditengeko ya sensa yokana kulowayo. Kuchotsa chida moyenera ndi kukambirana: dongle imatumiza uthenga woti tuluka, chida n'kuvomera, n'kuiwala kiyi wa netiweki. Sensa ya batire ikakhala ili mtulo uthengawo siiumva, ndiye Zigbee2MQTT imadandaula kuti zalephera, munthu n'kuthamangira force remove. Force remove imangofufuta dzina m'kaundula wa Pi. Sensa ikadali ndi kiyi, ikudziyesa kuti idakali m'banjamo, ndiye mukatsegula Permit join ilibe chifukwa chopemphera kulowa.

Chitani izi. Chotsani batire, dikirani kamphindi, ikani yatsopano, kenako gwirani batani mpaka iphethire monga anenera amalumewo. Kumeneko ndiye kuibweza momwe inachokera kufakitale. Ikakanabe, tsegulani configuration.yaml muone ngati pali mzere wa blocklist. Pabokosi lochotsera chida paja pali kena koti chisadzalowenso, ndipo ndi kapafupi kukadina mosadziwa. Nambala yake ikakhala pamenepo ifufuteni, muyambitsenso Zigbee2MQTT. Ulendo wina mukafuna kuchotsa chida cha batire, dinani Remove uku mukudina batani lake kuti chikhale maso. Force remove muisungire chida chomwe chinapsa kapena chinabedwa.

Za batire: musakhulupirire multimeter yokha. CR2032 yotopa imaonetsabe pafupi ndi 3V ikakhala isakugwira ntchito, koma wailesi ikangoyaka mphamvu imagwa, ndipo kulowetsa ndi nthawi yomwe sensa imakoka kwambiri. Zambiri zomwe anthu amati zafa zimakhala zikungofuna batire.

Kamnyamata ka IT: Sinthani tchanelo bwana, mupite pa 25. Zonse zithera pompo.

Mayi a Thoko: Achimwene, tchanelo sichingadzutse pulagi yopanda magetsi. Komanso kusintha tchanelo pa netiweki yomwe ili kale ndi zida kumasiya masensa ena m'mbuyo, n'kufunika kuwalowetsanso limodzilimodzi. Si chinthu choyambira.

Wa ku Zingwangwa: Onse awiri muli ndi mfundo, koma tiyeni tiike manambala. Zigbee ndi Wi-Fi zimakanganirana 2.4 GHz. Matchanelo a Zigbee ndi 11 mpaka 26, kuyambira 2405 MHz, kumakwera ndi 5 MHz. Wi-Fi tchanelo 1 chili pa 2412, 6 pa 2437, 11 pa 2462, chilichonse chotambalala pafupifupi 20 MHz. Zigbee2MQTT mukaisiya momwe imabwerera imakhala pa 11, ndiye kuti pansi penipeni pa Wi-Fi tchanelo 1. Zigbee 15, 20 ndi 25 ndi zomwe zimagwera m'mipata. Chosavuta n'kusuntha Wi-Fi m'malo mosuntha Zigbee: lowani mu router, chotsani pa Auto, ikani tchanelo 11 ndi 20 MHz osati 40. Zida za Wi-Fi zimatsatira zokha. Koma popeza mukulowetsanso masensa ambiri kale, ngati mukufuna kusamukira pa 25 nthawi yake ndi yomweyi, musanayambe ntchito inayo, ndipo Wi-Fi ikhale pa 1 kapena 6. Sungani kaye foda yonse ya data ya Zigbee2MQTT pa flash.

China chomwe palibe wafunsa: dongle yabayidwa pati? Ngati ili pa Pi mwachindunji, makamaka pa madoko abuluu aja, ichotseni. USB 3.0 imatulutsa phokoso pa 2.4 GHz pomwepo, ndiye dongle imakhala ngati munthu womvetsera wailesi m'chigayo. Gulani chingwe chowonjezera cha USB cha mita imodzi kapena iwiri, mubaye pa doko lakuda, dongle ipachikike pamwamba kutali ndi router, SSD ndi inveta. Musaiponye m'siling'i pansi pa malata.

Bambo a Chisomo: Ili pa labuluu ndithu, pamwamba pa router. Nanga mababu asanu aja ndiwasiye ngati milatho?

Amalume a Mawaya: Babu ndi mlatho wosadalirika chifukwa mwana akazimitsa pa swichi ya pakhoma, wafa, ndipo sensa iliyonse yomwe inaitenga ngati kholo yasanduka yamasiye ngakhale magetsi alipo. Mukhoza kuphimba maswichiwo n'kumagwiritsa mabatani a Zigbee, kapena kungoonetsetsa kuti masensa alowera pa mapulagi. Dziwaninso kuti maswichi a pakhoma opanda waya wa neutral ambiri sapatsira uthenga, musawawerengere. Mukamaliza perekani tsiku limodzi kapena awiri musanaweruze. Nambala ya LQI, yoonetsa mphamvu ya kulumikizana, imayenda pakati pa 0 ndi 255, koma imasiyana malinga ndi dongle, ndiye musaithamangitse. Yang'anani ngati chitseko chikatseguka uthenga ukufika nthawi yomweyo.

Achemwali a Netiweki: Pulagi ya Wi-Fi yatsala. Mapulagi ambiri otere amamva 2.4 GHz yokha, pomwe router zatsopano zimaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi, foni n'kukwera pa 5. Zimitsani 5 GHz kwa kanthawi kapena muipatse dzina lake. Chitetezo chikhale WPA2, chifukwa WPA3 yokha ambiri saidziwa. Pa foni zimitsani data ndi VPN, yatsani Bluetooth ndi Location, apo ayi app siiona dzina la Wi-Fi. Ngati ndi za Smart Life kapena Tuya, kanyali kakamaphethira mwachangu ndi njira yachidule, yomwe ndi imene imakonda kufera pakati. Gwiraninso batani mpaka kaziphethira pang'onopang'ono, musankhe AP mode: pulagi imatulutsa Wi-Fi yakeyake yoyamba ndi SmartLife, foni mulumikize pamenepo, ndiye pasiwedi ya nyumba imaperekedwa mwachindunji. Musaiike pa guest, kumeneko zida sizionana ndipo Home Assistant singaipeze. Ikalowa muimangirire IP yake pa DHCP ya router kuti adiresi yake pa netiweki isamasinthe. Ndipo ngati intaneti yanu ndi ya MiFi, werengani zida zomwe zili kale pamenepo. Ma MiFi ena amalola 10 zokha, ya 11 imangokanidwa popanda kukuuzani chifukwa.

Tsiku lomwe mudzasinthe router, dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi mudzalembe zakale zomwezo, chilembo ndi chilembo, mapulagi onse adzabwerera okha.

Wa ku Zingwangwa: Pulagi yatsopanoyo mukufuna kuikapo chiyani?

Bambo a Chisomo: Giza ya 3 kW.

Wa ku Zingwangwa: Ayi bambo, imeneyo ayi. 3 kW pa 230V ndi 13A, malire enieni a pulagi ya mano atatu, ndipo giza imakoka choncho kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Ka relay ka mkatimo kamatentha mpaka kumatirira, pulasitiki n'kuyamba kununkha. Itanani wa magetsi wovomerezeka aike contactor, swichi yaikulu yoyatsidwa ndi koyilo, ya 20A kapena 25A mu DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba, chida cha Wi-Fi chizingoyatsa koyilo yake. Poti DB ndi yachitsulo, chidacho achiike panja pake m'kabokosi ka pulasitiki. Pulagi mwagulayo ikani pa nyale kapena fani.