Ndithandizeni maganizo: kodi sukulu zokhoza bwino tipemphe kuti tizidziyendetsa tokha?

Moni nonse m'gulu muno. A admin chonde ndiloleni, nkhaniyi ndi yotalikirapo. Dzina la sukulu ndi la zoni sinditchula, sindikufuna kuika munthu m'mavuto.

Ndine mlembi wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale kuno ku Lilongwe, chakunja kwa tauni komwe minibasi zimatembenukira. Ana anga awiri amaphunzira pomwepo, wina Sitandade 3, wina Sitandade 7. Sukulu yathu ikukhoza ndithu. Zaka zapitazi ana a Sitandade 8 akhala akuchita bwino mayeso a MANEB, ena mpaka kusankhidwa kupita ku sekondale zogonera konko, ndipo zoni yathu imatchulidwa pa misonkhano. Palibe mankhwala apa. Aphunzitsi amafika kusanache, makolo tinaumba njerwa ndi manja athu, gulu la amayi limayenda khomo ndi khomo kusaka ana ojomba.

Koma imvani zomwe zinachitika. Mu Januwale mphepo inasasula denga la Sitandade 2. Ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zinalipo mu akaunti, koma m'pulani ya chaka tinali titalemba kale kuti ndi za mabuku, choko ndi kukonza madesiki. Tinauzidwa kuti tisakhudze mpaka chilolezo chibwere kuchokera kumtunda. Masabata asanu ana anali pansi pa mtengo wa mango, nthawi ya dzinja. Ndinkaona aphunzitsi akutsamiritsa bolodi pa thunthu, mvula ikangoyamba kuwaza ana onse liwiro la pakhonde, makope atawabisa m'malaya. Malata anali pa sitolo pafupi pomwepa, ndalama ku banki, ife manja ali m'khosi. Teremu yomweyo aphunzitsi athu a Masamu a Sitandade 8 anawasamutsa, kutatsala miyezi yochepa kuti ana alembe, popanda wotifunsa.

Ndiye Lachisanu likubwerali kuli msonkhano wa mahedi ndi makomiti ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanirako. Ahedi ena abweretsa ganizo loti tilembe kalata yopempha kuti zoni kapena maboma omwe akukhoza bwino azipatsidwa ufulu wochulukirapo: kusintha kagwiritsidwe ka ndalama pakagwa vuto, kukhala ndi mawu pa kusamutsa aphunzitsi, kudzikonzera nthawi zophunzirira. Andisankha kuti ndikalankhule m'malo mwa makolo.

Mtima wanga uli pawiri. Ndikakumbukira ana aja pansi pa mango ndikufuna kusaina lero lomwe. Koma mng'ono wanga amaphunzitsa kumudzi, cha kumalire ndi Dedza, m'kalasi mwake ana amapitirira 100. Sukulu yawo sikhoza ngati yathu, koma si ulesi ayi, ndimamudziwa mmene amagwirira ntchito. Denga likasasuka kwawoko, iwo azidikira chilolezo pomwe ife tikukhoma malata, chifukwa chakuti ana athu anakhoza? Aphunzitsi, mahedi, makolo anzanga, ndikanene chiyani Lachisanu?

Mphunzitsi wopuma, Area 25
Mayi, mwafunsa bwino. Ine ndinali m'kalasi mu 1994 pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Ana anabwera ngati ngumbi, chiwerengero m'dziko muno chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni. Kenako mu 1998 kunabwera ndondomeko ija ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, yoti sukulu za pulayimale ziziyang'aniridwa ndi makhonsolo m'malo moti chilichonse chizichokera ku Capital Hill. Lilongwe mokha muno muli maboma a maphunziro atatu, Urban, Rural East ndi Rural West, ndipo mavuto awo sangafanane. Ndalama za SIG zomwe mukunenazo zinabwera ndi mtima womwewo, woti sukulu ndi mudzi zizikhala pansi n'kugwirizana chofunika. Ndiye musanapemphe mphamvu zatsopano, pemphani a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, akuwerengereni malamulo a SIG pagulu, ndime ndi ndime, makamaka za kusintha pulani pakagwa ngozi. Nthawi zambiri ndaona komiti ikuopa chinthu chomwe pepala silinaletse. Komanso dziwani kuti walira mvula walira matope. Mukalandira ufulu pa ndalama, mlembi ndinu amene muzisunga malisiti, ndipo ofufuza mabuku akabwera afunsa inu.

Mayi wina wa ku Kawale
Pemphani basi mayi. Ana kukhala pamvula ndalama zilipo, zimenezo n'zopweteka.

Membala wobisa dzina
Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndabisa dzina dala. Chomwe chikundiopsa pa ganizoli ndi muyeso wake. Mukati "okhoza bwino" mukutanthauza zotsatira za Sitandade 8, si choncho? Pali njira yachidule yokwezera zotsatira, ndipo aphunzitsi tonse timaidziwa ngakhale sitiinena pagulu. Mwana wooneka kuti sakhoza mumamubwereza Sitandade 7. Chaka chamawa mumamubwerezanso. Akafika zaka 16 amachita manyazi kukhala ndi tiana, mnyamata amapita kukayendetsa kabaza, mtsikana amakwatiwa. Pa pepala sukulu yakhozetsa pafupifupi onse, koma amene analemba ndi osankhidwa kale. Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina yomwe inkachita zimenezi, ndipo inkalandira ziphaso za ulemu. Lero chokopa ndi ulemu chabe. Mawa mukaonjezapo ufulu pa ndalama ndi pa aphunzitsi, ahedi ambiri abwinobwino adzagwa m'mayesero amenewa. Ngati mukufuna muyeso wachilungamo, werengani ana amene analowa Sitandade 1 zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, muone angati afika Sitandade 8. Onaninso ngati a Sitandade 2 ndi 3 akutha kuwerenga Chichewa.

Wolemba funso
Aphunzitsi, mawu anuwa andilasa. M'kalasi mwa mwana wanga wa Sitandade 7 muli anyamata atatu a mawu a besi, ndipo mmodzi akubwereza kachitatu. Ine ndinkangoti n'kufuna kuti akhwime. Mawa ndipita kwa ahedi ndikapemphe kaundula wa zaka zam'mbuyo ndione ndekha.

Bambo wa ku Johannesburg
Mlongo, ndikuuzeni za kuno ku Joni poti ana anga amaphunzira sukulu ya boma. Lamulo lawo la sukulu la 1996 lili ndi ndime yomwe amaitchula Section 21. Komiti ya sukulu imapempha kuti ipatsidwe udindo wogula yokha mabuku ndi zipangizo, kukonza nyumba, kulipira madzi ndi magetsi. Akuluakulu a maphunziro akavomera, ndalama zimalowa mu akaunti ya sukulu. Chomwe amayang'ana ndi chakuti komitiyo ingathe kugwira ntchitoyo, osati kuti ana anakhoza bwanji mayeso. Ine ndikuona kuti pamenepo ndi pomwe pali yankho la mng'ono wanuyo. Sukulu yakumudzi ikhoza kukhala ndi zotsatira zofooka koma mabuku a ndalama ali oyera. Imeneyo bwanji osaikhulupirira? Komabe ndisakunamizeni, kuno sukulu za m'madera olemera ndi zomwe zimapindula kwambiri, chifukwa m'komiti mwawo mumakhala maloya ndi owerengera ndalama.

Mayi wa ku Texas, kwathu ku Likuni
Zomwe ahedi anu akuganizazo kuno zilipo ndithu. Mu 2015 boma la Texas linakhazikitsa lamulo lolola maboma a sukulu omwe zotsatira zawo zili zovomerezeka kukhala chomwe amati District of Innovation. Akatero amalemba pulani yawo n'kudzichotsa pa malamulo ena a boma. Zomwe ambiri amasankha ndi tsiku lotsegulira sukulu, poti lamulo limati asatsegule lisanafike Lolemba lachinayi la Ogasiti, malire a ana 22 m'kalasi za ana ang'ono, ndi kulemba ntchito aphunzitsi ena opanda satifiketi ya uphunzitsi. Mayeso a boma ndi zoyenera kuphunzitsa sangazithawe. Chomwe ndaona ine ngati kholo n'chakuti ufulu ukabwera umagwiritsidwa ntchito pa zomwe zikuvutitsa oyendetsa sukulu, ndipo nthawi zina zimenezo si zomwe zikuvutitsa mwana. Mabungwe a aphunzitsi kuno amadandaula kwambiri pa za kukula kwa makalasi ndi za satifiketi zija. Ndiye m'kalata yanuyo musalembe mawu oti ufulu okha. Tchulani chinthu chilichonse ndi dzina lake, ndipo mulembenso zomwe siziyenera kukhudzidwa.

Bambo wa ku Mitundu
Za ndalama ndilibe nazo mawu, koma za kusamutsa aphunzitsi ndikukana. Pepani mayi. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma bwerani kuno mudzaone. Aphunzitsi ambiri amalimbirana m'tauni komwe kuli magetsi, madzi ndi nyumba zabwino, ife kuno mmodzi akugwira makalasi awiri. Mukapatsa sukulu zokhoza mphamvu yokaniza aphunzitsi awo, ndiye kuti wabwino aliyense akhala komweko mpaka kupuma. Ana athu aziphunzitsidwa ndi ndani? Mwina aphunzitsi anu a Masamu aja anapita kwa ana omwe anakhala chaka chonse opanda wa Masamu. Chomwe mungapemphe, ndipo ine ndingasaine nawo, n'chakuti kusamutsa kuzichitika pakutha pa chaka cha sukulu, osati pakati pa teremu, makamaka kwa a Sitandade 8.

Membala wina
Ndalama zikapita m'manja mwa komiti zidyedwa. Kwathu tinasonkha za mpanda, mpaka lero pali maziko okha.

Mphunzitsi wopuma, Area 25
Achimwene, zoterozo zimachitika, koma mankhwala ake ndi odziwika. Ndalama zikalowa, lembani pa pepala lalikulu n'kumata pakhoma la ofesi pomwe kholo lililonse lingawerenge: zalowa zingati, zagula chiyani, kwa ndani. Osaina ku banki asakhale a banja limodzi. Amfumu ndi a PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, azionetsedwa malisiti teremu iliyonse. Pomwe ndinaona izi zikuchitika, kunong'onezana kunatha.

Wolemba funso
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, zina kawiri. Dzulo ndinapita kwa ahedi. Sanakane, anatulutsa makaundula akale m'kabati, ena atadyedwa ndi chiswe m'mbali. Tinawerenga limodzi, ndipo ana omwe ali Sitandade 8 chaka chino ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe anayamba nawo Sitandade 1. Ena anasamuka ndi makolo, koma ena ndimawadziwa, ndimakumana nawo pamsika akugulitsa majumbo. Ahedi nawonso anangoti chete kwa kanthawi.

Ndiye Lachisanu sindikathandizira kalata yopempha ufulu wa okhoza okha. Ndikanena kuti sukulu iliyonse yomwe mabuku ake a ndalama ali bwino, kaya ndi yathu kaya ya mng'ono wanga, iziloledwa kukonza denga kapena chimbudzi chogumuka pogwiritsa ntchito ndalama za SIG komiti, PTA ndi amfumu akagwirizana, lipoti n'kutumiza pambuyo. Za aphunzitsi ndikatenga mawu a bambo a ku Mitundu momwe alili. A PEA ndawaimbira kale, avomera kubweretsa buku la malamulo a SIG kuti tikaliwerenge tonse.

Chatsala chimodzi. Ahedi omwe anabweretsa ganizoli ndi munthu wamkulu amene ndimamulemekeza, anandiphunzitsa ine Sitandade 5. Ndikuganiza zowayendera kunyumba Lachinayi madzulo kuti asakamve koyamba pagulu. Amene munakhalapo m'makomiti, ndipite ndekha kapena nditenge apampando?